Mutu 9: Kaundula, Kabati ndi Kalozera

Bambo anga atamwalira, ntchito yoyendera ndalama zawo za penshoni inagwera ine. Ofesi yake sinditchula. Pa windo ndinapeza mayi wina waulemu wake, ndipo nditangotchula nambala ya ntchito ya malemuwo, anagogoda pa kompyuta kawiri katatu n'kunditembenuzira sikirini. Dzina lilipo, chaka cholowera ntchito chilipo, giredi imene anapumira ilipo. Mtima unakhala pansi. Kenako mayi aja anakwinya nkhope pang'ono.

"Koma pepani bambo, apa pakuoneka kuti anasinthako wolandira. Kalata yosinthirayo ili m'fayilo."

"Fayiloyo ili kuti, mayi?"

"Ku registry. Mubwere Lachinayi."

Ndinabwera Lachinayi, ndinabweranso Lachiwiri linalo. Chimene chinandiwawa ndinadzachimva pambuyo: kalata ija inali itajambulidwa kale pa sikana, ndipo inali mu kompyuta ya ofesi yomweyo, m'foda ya mafayilo masauzande okhala ndi mayina onga scan0417. Kompyuta inali nayo kalatayo, koma sinkadziwa kuti ili nayo, ndipo panalibe njira yoifunsira.

Ofesi iliyonse, kaya ndi banki, chipatala, khoti kapena sukulu, imasunga zimene ikudziwa pawiri. Poyamba pali kaundula. Kale linali buku lalikulu lachikuto cholimba, la mizere yopingasa ndi madanga otsika. Lero ndi database, koma kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni: mzere umodzi munthu mmodzi, danga ili dzina, danga ilo tsiku lobadwa, linalo malipiro. Amene anayala maziko a kaundula wa mu kompyuta monga tikumudziwira lero ndi Edgar Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene ankagwira ntchito ku IBM ku San Jose, California. Mu 1970 anafalitsa maganizo akuti zonse zisungidwe m'matebulo olumikizana, ndipo kuchokera apo panakula mwambo wakuti mfundo iliyonse ilembedwe malo amodzi okha. Dzina la boma la Dedza lisabwerezedwe pa mzere wa wantchito aliyense wa ku Dedza. Likhale m'tebulo la maboma, pa mzere wa wantchito pangokhala nambala yolozera kumeneko. Mukafuna kusintha, musintha pamodzi basi.

Kaundula wotere ndi katswiri pa mafunso owerengera. Mufunseni kuti ndi angati anapuma ntchito mu 2009 ali pa giredi yakuti, akuyankhani musanaphethire. Koma amayankha zokhazo zimene zili ndi danga lake.

Kachiwiri pali kabati, ndipo m'menemo muli makalata, malipoti, maminitsi a misonkhano, mapangano osainidwa, zithunzi, maimelo. Izi zilibe mizere kapena madanga, aliyense analemba mmene anafunira. Komatu nkhani yeniyeni imakhala kuno. Kaundula angokuuzani kuti wolandira anasintha. Kalata ndiyo ikuuzani amene anapempha, chifukwa chake, ndi mboni imene inasaina. Funso la mutu uno ndi lakuti: zitheka bwanji kuti munthu alembe dzina m'kabokosi kamodzi, n'kubwera mzere wa m'kaundula pamodzi ndi makalata a m'kabati?

Nzeru ya ansembe a ku Paris

Yankho lake ndi kalozera, ndipo nzeru ya kalozera si ya dzulo. Cha m'ma 1230, ansembe a chipani cha Dominiko ku Paris, motsogozedwa ndi Hugh wa ku Saint-Cher, anandandalika mawu a m'Baibulo la Chilatini motsatira alifabeti, pa liwu lililonse n'kulemba malo amene likupezeka. Buku la mtunduwu abusa athu amalidziwa kuti konkodansi. Ansembewo anakumana ndi vuto limene tidzalionanso kutsogoloku. Nthawi imeneyo Baibulo linali ndi machaputala koma linalibe mavesi, pakuti manambala a mavesi a Chipangano Chatsopano amene tikuwadziwa anadzabwera mu 1551 ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne. Ndiye munthu umulozera pati? Iwo anagawa chaputala chilichonse m'zigawo 7, kuyambira A mpaka G, kuti liwu lililonse likhale ndi keyala. Popanda keyala palibe kalozera.

Woyamba kubweretsa ntchito yotereyi ku makina pa mlingo waukulu analinso wansembe, Roberto Busa, Mjezuiti wa ku Italy. Mu 1949 anakumana ndi mkulu wa IBM, Thomas Watson, n'kumupempha thandizo lokonza kalozera wa zolemba za Thomas Aquinas ndi ena oyandikana naye, mawu pafupifupi 11 miliyoni. Anayamba ndi makhadi obowola, ndipo ntchitoyo inadya zaka pafupifupi 30 n'kubala mabuku 56.

Makina a lero amachita zomwezo, kungoti m'kanthawi kochepa. Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi ili ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi kalata yonena kuti mlimi wapempha ngongole ya feteleza. Chachiwiri ndi lipoti lonena kuti feteleza wafika mochedwa ku Dedza. Chachitatu ndi mzere wa m'kaundula wosonyeza kuti kalabu ina ya ku Dedza ili ndi ngongole ya K450,000. Kompyuta imaphwanya chilichonse kukhala mawu paokhapaokha, n'kulemba motere: feteleza ali pa 1 ndi pa 2, Dedza ali pa 2 ndi pa 3, ngongole ili pa 1 ndi pa 3. Wina akafufuza "ngongole Dedza", kompyuta sitsegulanso kalata kapena lipoti. Imangotenga mndandanda wa ngongole ndi mndandanda wa Dedza n'kuona pamene ikukumana, ndipo ikukumana pa 3. Pa Chingerezi amautcha inverted index, kalozera wotembenuza, chifukwa m'malo monena kuti tsamba ili lili ndi mawu awa, akunena kuti liwu ili lili m'masamba awa. Mwaonanso kuti kalozerayo sanafunse ngati nambala 3 ndi kalata kapena mzere. Kwa iye zonse ndi mawu okhala ndi keyala. Chinsinsi chonse cha kuphatikiza chagona pamenepa.

Chilichonse chipatsidwe khadi

Pulogalamu imene yasenza ntchito yochuluka yotereyi padziko ndi Lucene, imene Doug Cutting analemba mu 1999 ndipo inalowa m'manja mwa bungwe la Apache mu 2001. Ndi yaulere. Pamwamba pake panamangidwa Solr, imene Yonik Seeley anayamba ku kampani ya CNET mu 2004 n'kuperekedwa kwa anthu onse mu 2006, komanso Elasticsearch ya Shay Banon, imene inatuluka mu 2010. Banon amafotokoza kuti chiyambi chake chinali kufuna kukonzera mkazi wake, amene ankaphunzira zophika ku London, pulogalamu yofufuzira maphikidwe.

Mu Lucene chinthu chilichonse chimasanduka khadi, longa makhadi a m'madirowa a ku laibulale yakale. Khadi lili ndi timabokosi tokhala ndi mayina, ndipo wokonza ndiye amasankha timabokosito: nambala, mtundu, mutu, mawu onse, tsiku, mwini wake. Mzere wa m'kaundula kuusandutsa khadi n'kosavuta pakuona koyamba, popeza uli kale ndi madanga. Fayilo ndiyo imafuna kusendedwa kaye. PDF, kalata ya Word, tebulo la Excel, imelo yokhala ndi zomatidwa, chilichonse chili ndi chikhungwa chakechake, ndipo pulogalamu yotchedwa Apache Tika ndiyo imazindikira mtundu wa fayilo n'kutulutsa mawu a mkati pamodzi ndi tizinthu tina tobisika, monga dzina la wolemba ndi tsiku limene fayilo inapangidwa. Fayilo ikakhala chithunzi cha pepala, monga kalata ya bambo anga, mulibe mawu oti Tika atulutse, muli timadontho tokha. Apo pamafunika makina owerenga zilembo pa chithunzi, amene amatchedwa OCR. Wodziwika kwambiri mwa aulere ndi Tesseract, amene anayambira ku Hewlett-Packard m'ma 1980 n'kutsegulidwa kwa onse mu 2005. Pa pepala lotayipidwa bwino amawerenga mokhutiritsa. Pa kope la kaboni lofufuma, lodindidwa chidindo pamwamba pa dzina, amaona 1 pamene pali l ndi 0 pamene pali O, ndipo zolemba pamanja zimamugonjetsa kawirikawiri.

Ndati mzere ndi wosavuta pakuona koyamba. Kumbukirani lamulo lija la kulemba mfundo malo amodzi. Pa mzere wa wantchito palibe liwu lakuti Dedza, pali nambala ya boma basi, ndipo munthu wofufuza salemba nambala ya boma. Choncho popanga khadi, lamulo lija limaswedwa mwadala: dzina la boma, dzina la dipatimenti, dzina la giredi, zonse zimakokedwa kuchokera m'matebulo awo n'kulembedwa pa khadi limodzi. Phindu lake ndi liwiro. Mtengo wake ndi wakuti dipatimenti ikasintha dzina, m'kaundula musintha mzere umodzi, koma m'kalozera mulembanso makhadi a antchito onse a dipatimentiyo. Lucene safufuta n'kulemba pa khadi lakale; amaliika chizindikiro chakuti lafa n'kulemba latsopano.

Tsopano tibwerere ku vuto la ansembe aja, la keyala. Khadi lililonse liyenera kukhala ndi nambala imene khadi lina lililonse lilibe. Apa ndi pamene oyamba kumene amagwa chagada. M'tebulo la antchito muli wantchito 417, m'ndandanda wa mafayilo mulinso fayilo 417. Zikakhala kwawo sizikangana. Mukazithira m'kalozera mmodzi zonse zili ndi nambala 417, chobwera pambuyo chimalowa m'malo mwa choyamba, mwakachetechete, popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Pakapita miyezi ndi pamene wina amadabwa kuti wantchito wakuti sakupezeka. Mankhwala ake ndi otchipa ngati mchere: nambala iyambe ndi mtundu, wantchito-417 ndi kalata-417.

Palinso chisankho china chimene chimaoneka chaching'ono. Kodi wantchito akhale ndi khadi limodzi lalikulu, makalata ake onse atamatidwa momwemo, kapena kalata iliyonse ikhale ndi khadi lake lonyamula nambala ya mwini wake? Njira yoyamba imakopa chifukwa zonse zimabwera pamodzi. Koma kalata imodzi ikawonjezeka, khadi lonselo liyenera kulembedwanso, ndipo wofufuza akapeza liwu lake sadziwa kuti lili m'kalata iti mwa makalata 60. Ine ndimakonda yachiwiri: makhadi akhale paokha, nambala ya mwini ikhale chingwe, kompyuta iwamange mtolo poonetsa. Koma chingwecho sichimera chokha. Munthu amene waima pa sikana ayenera kulemba nambala ya mwini kalatayo pa nthawi yomwe akuilowetsa. Pa ofesi ya penshoni ija ndi sitepe iyi imene inadumphidwa, mwina chifukwa wojambulayo anapatsidwa makatoni 40 ndi sabata imodzi. Sindimuimba mlandu. Koma masekondi khumi amene anapulumutsa pa kalata ija ndinawalipira ine ndi thiransipoti ya maulendo atatu.

Chiyambe ndi chiti?

Kupeza n'kosavuta, chovuta n'kusanja. Mukafufuza n'kubwera makhadi 3,000, palibe amene adzafike pa tsamba lachisanu, choncho makina ayenera kulingalira kuti khumi oyamba ndi ati. Mfundo imene imalamulira pano inachokera kwa Karen Spärck Jones wa ku Cambridge mu 1972: liwu lopezeka m'makhadi ambiri silithandiza kusiyanitsa, liwu losowa ndilo lili ndi mphamvu. Aliyense amene anaitanapo mayina pa mzere wa chipatala akudziwa kale zimenezi. Mukafuula kuti "a Phiri!" aimirira anthu asanu ndi awiri. Mukati "a Phiri a ku Chididi!" atsala mmodzi. M'kaundula wa kwathu Phiri ndi Banda ndi mawu opepuka, dzina la mudzi ndilo lolemera.

Njira yowerengera imene Lucene wakhala akugwiritsa ntchito kuyambira mu 2016 imatchedwa BM25, ndipo inakonzedwa ndi Stephen Robertson ndi anzake ku City University ku London m'ma 1990. Kuwonjezera pa kusowa kwa liwu, imayang'ananso kutalika kwa khadi. Liwu lopezeka kamodzi pa khadi la mawu 12 limawerengedwa kuti ndi mutu wa nkhani, pamene lopezeka kamodzi m'lipoti la masamba 200 lingakhale longodutsa. Nzeru yake ndi yomveka, koma m'kalozera wosakaniza imabala tsankho. Mizere ya m'kaundula ndi yaifupi mwachibadwa, ndiye imathamangira pamwamba yonse, malipoti n'kukankhidwira kumunsi ngati mlendo pa mzere wa kuchigayo. Okonza amalimbana nazo popatsa kabokosi ka mutu mphamvu yoposa ka mawu onse, kapena poika m'mbali timabatani toti munthu asankhe yekha: anthu, makalata, malipoti. Palibe masamu amene angathetseretu nkhaniyi, chifukwa kalaliki wa pa windo ndi wofufuza za katangale akalemba dzina lomwelo sakufuna chinthu chimodzi.

Mafayilo 11.5 miliyoni a ku Panama

Malo amene nzeru zonsezi zinayesedwa anthu akuonerera ndi nkhani ya Panama Papers. Munthu wina wodzitcha John Doe anayamba kutumizira Bastian Obermayer, mtolankhani wa nyuzipepala ya Süddeutsche Zeitung ku Munich, zamkati mwa kampani ya maloya ya ku Panama yotchedwa Mossack Fonseca, imene ntchito yake inali kutsegulira anthu makampani m'mayiko osunga chinsinsi. Pomaliza panasonkhana mafayilo 11.5 miliyoni, a kukula kwa 2.6 terabyte, kutanthauza mamemore khadi a 32 GB oposa 80 odzaza thothotho. Munthu woti azitsegula fayilo imodzi pa mphindi, maola 8 pa tsiku, osapuma ngakhale Lamlungu, akanatha zaka zoposa 65.

Chochititsa chidwi ndi kasakanikidwe kake. Maimelo anali pafupifupi 4.8 miliyoni, mafayilo a database pafupifupi 3 miliyoni, ma PDF oposa 2 miliyoni, zithunzi zoposa 1 miliyoni, ndi makalata otayipa pafupifupi 320,000. Kaundula ndi kabati zinabwera m'thumba limodzi, zina za m'ma 1970.

Nyuzipepalayo inaona kuti yokha singathe, ndipo inagawana katunduyo ndi bungwe la atolankhani ofufuza la ICIJ la ku Washington. Gulu la za deta la bungweli, lotsogozedwa ndi Mar Cabra wa ku Spain, linagwiritsa ntchito zida zomwe tatchula kale. Tika anasenda mafayilo. Tesseract anawerenga mapasipoti ndi mapangano ojambulidwa, ndipo poti ntchitoyi ndi yochedwa, anabwereka makompyuta makumi angapo ku Amazon kuti aziwerenga nthawi imodzi. Mawu onse anathiridwa mu Solr, ndipo nkhope imene mtolankhani ankaiona inali Blacklight, pulogalamu imene inakonzedwera malaibulale a m'mayunivesite. Atolankhani oposa 370 a m'mayiko pafupifupi 80 ankalowamo aliyense ali kwawo. Panalinso njira yoti mtolankhani alowetse mndandanda wathunthu, tinene mayina a nduna ndi aphungu onse a dziko lake, makina n'kumubwezera amene apezeka.

Taonani mmene mbali ziwirizi zinathandizirana pa nkhani ya ku Iceland. Pakati pa makampani oposa 214,000 otchulidwa m'mafayilowo panali ina yotchedwa Wintris, yolembetsedwa ku British Virgin Islands. Monga dzina pa mndandanda, Wintris sinena kanthu. Zikalata ndizo zinasonyeza kuti eni ake anali Sigmundur Davíð Gunnlaugsson ndi mkazi wake, ndi kuti pa tsiku lomaliza la 2009 mwamunayo anagulitsa theka lake kwa mkaziyo pa mtengo wa dola imodzi. Kampaniyo inali ndi ndalama zimene inkayembekeza kuchokera ku mabanki a Iceland amene anagwa mu 2008, ndipo Gunnlaugsson, pofika nthawi ya kafukufukuyu, anali nduna yaikulu ya dzikolo. Nkhani zinayamba kutuluka pa 3 Epulo 2016. Pofika pa 5 Epulo anali atalengeza zochoka pampando.

Komabe ICIJ sinakhulupirire kuti kalozera wa mawu athana ndi zonse. Funso lakuti munthu uyu ndi dairekitala wa makampani angati, ndipo makampaniwo akugawana keyala ndi ena ati, si funso la mawu, ndi funso la ubale. Pa ili anamanganso kaundula wa Mossack Fonseca kuchokera m'mafayilo aja n'kumuika mu pulogalamu ina, Neo4j, imene imajambula anthu ndi makampani ngati timadontho tolumikizidwa ndi mizere. Mtolankhani ankayenda uku ndi uku, kupeza dzina m'makalata, kukaona abale ake pa chithunzi, kubwereranso ku makalata. Ndimakonda kukumbutsa zimenezi anyamata amene akangophunzira Elasticsearch amafuna kutaya database. Kalozera ndi wolozera njira, katundu amakhala kwina.

Phiri, mapiri ndi Fort Johnston

Busa uja, ndi anthu ake, anathera nthawi yaitali pa ntchito imodzi yotopetsa: kusonkhanitsa maonekedwe onse a liwu la Chilatini pansi pa tsinde limodzi. Mu 1980 Martin Porter anafalitsa malamulo ochitira zofanana ndi zimenezi pa Chingerezi mwa makina, ndipo malamulo ake amadula kumchira kwa liwu, poti Chingerezi chimasinthira kumeneko. Chichewa chimasinthira kwambiri kumutu. Munthu ndi anthu, mwana ndi ana, diso ndi maso, khasu ndi makasu, phiri ndi mapiri: kwa ife ndi liwu limodzi, kwa kalozera ndi alendo osadziwana. Mneni ndiye amanyanya. Lemba, analemba, sanalembe, adzatilembera, zinalembedwa, mlembi, kalembera, zonsezi zili pa tsinde limodzi, koma wofufuza "kulemba" sapeza chilichonse mwa izi. Mapulogalamu otchuka monga Lucene amabwera ndi malamulo a Chingerezi, Chifalansa, Chiarabu, Chihindi ndi zinenero zina zambiri, koma a Chichewa mulibe. Amene akukonza kalozera wa makalata a Chichewa amadzithandiza pophwanya mawu kukhala tizidutswa ta zilembo zitatu kapena zinayi, kuti "lemb" apezeke paliponse pamene wabisala. Zimagwira, kungoti zimakokanso zinyalala ngati khoka.

Ndiye pali kalembedwe. Wina alemba Malawi, wina Malaŵi. Ku Zambia alemba "cabwino" pamene ku Malawi tilemba "chabwino". Chirwa ndi Chilwa angakhale munthu mmodzi yemweyo, wolembedwa ndi makalaliki awiri. Vutoli limakula kwenikweni pamene kaundula watsopano akumana ndi kabati yakale. Kaundula ali ndi mndandanda wa maboma monga tikuwatchulira lero, koma kalata ya malo ya m'ma 1950 ikunena Fort Johnston osati Mangochi, Port Herald osati Nsanje, Fort Manning osati Mchinji, Cholo osati Thyolo, Kota Kota osati Nkhotakota, Fort Jameson osati Chipata. Makina sangadziwe okha kuti awa ndi malo amodzi. Pafunika munthu akhale pansi alembe mndandanda wa mawu ofanana, n'kuupereka kwa kalozera. Ntchitoyi sifuna digiri ya kompyuta. Ifuna kalaliki wokalamba amene wagwira mafayilo zaka 30, ndipo ndi bwino kumufunsa asanapume.

Kalozera amakalamba msanga

Popeza kalozera ndi kope, nthawi zonse amatsalira pang'ono kumbuyo kwa kaundula. Ena amamulembanso yense usiku uliwonse, ena amatumiza chosintha chilichonse nthawi yomweyo, ena amafunsa kaundula mphindi zingapo zilizonse kuti chasintha n'chiyani kuyambira nthawi yakuti. Njira yachitatuyi ili ndi msampha: mzere wofufutidwa suyankha kuti "ndafufutidwa", umangosowa, ndipo khadi lake limatsala m'kalozera ngati mzukwa. N'chifukwa chake ndalama siziwerengedwa pa kalozera. Mupeze munthu pa kalozera, koma ngongole yake muione m'kaundula. Ndipo ofesi yaing'ono ingathe kupewa mutu wonsewu potembenuza njira: m'malo motengera mizere ku Solr, itengere mawu a m'mafayilo ku database, pakuti PostgreSQL ili ndi kalozera wa mawu wakewake kuyambira mu 2008. Pa mafayilo masauzande ochepa zimakwanira.

Choopsa kuposa kukalamba ndi maloko. Kaundula ali ndi malamulo ake a amene angaone danga la malipiro. Kabati ili ndi kiyi, ndipo kiyiyo imakhala ndi munthu mmodzi. Kalozera akamakopera zonse amakopera mawu, maloko n'kuwasiya kumbuyo. Tiyerekeze chipatala chimene chaphatikiza kaundula wa odwala ndi zotsatira za ku labu, ndiye wogwira ntchito pa khomo alembe dzina la mnansi wake mwachidwi chabe. Ngakhale fayiloyo ikane kutseguka, timizere tiwiri timene makina amaonetsa pansi pa mutu tingakhale tokwana kuwononga banja. Choncho khadi lililonse liyenera kunyamula kabokosi kena, ka amene aloledwa kuliona, ndipo kusefako kuchitike mkati mwa kufufuza, munthu wosaloledwa asaone ngakhale chiwerengero cha zimene zapezeka. Kale zinsinsi zambiri zinkatetezedwa ndi fumbi ndi kusokonekera kwa mafayilo. Kalozera wabwino amachotsa chitetezo chimenecho tsiku limodzi.

A ICIJ anazidziwa izi. Pa 9 Meyi 2016 anatsegulira dziko lonse gawo la zimene anali nazo, ndipo mpaka lero munthu aliyense angalowe pa intaneti n'kufufuza. Koma chimene anatulutsa ndi mbali ya kaundula yokha: mayina a makampani, eni ake, madairekitala, amkhalapakati ndi makeyala. Maimelo, makope a mapasipoti, manambala a foni ndi a maakaunti a ku banki anatsala m'kabati, kiyi yake n'kukhala ndi atolankhani.